Dzino la Temwa ndi Akhwangwala a ku Blantyre

A Hezron Msowoya, amene adapuma ntchito yolondera nyama ku Thazima, adalowa m'chipinda cha mano atasiya mwana wawo Temwa pa benchi panja. Mayi Phyllis Kachingwe, dokotala wa mano wochokera ku Dedza, anali atangomuona mtsikanayo, chithunzi cha ekisileyi chili m'manja.

"Mumzule dzino laubwana latsalalo," adatero a Msowoya, chipewa chili pamtima.

"Likumupweteka?"

"Yayi."

"Ndiye lalakwa chiyani?"

"Silinalakwe, amama. Likufunika padenga."

Mayi Kachingwe adayang'ana kudenga. "Pakudontha?"

"Denga la kwathu ku Bolero. Mvetserani. Mwanayu ali ndi zaka zinayi adadwala khansa, chotupa apa pa tsaya. Adagonekedwa ku Blantyre. Dzino loyamba lidagwera komweko, amayi ake nkuliponya padenga la chipatala. Mwambo mukuudziwa: khwangwala, tenga dzino loipali, undipatse labwino."

"Ndikuudziwa."

"Tsono khwangwala wa ku Blantyre njira ya ku Bolero angaidziwe? Zaka khumi, mwana akadali ndi mipata. Mano amene adafika ndi ang'onoang'ono ngati mpunga. Ndi zotsalira za ana a ku Ndirande zimenezo."

"Ndi mankhwala a khansa, bambo. Adapha matenda, komanso adakhudza mano amene anali kupangika mkati mwa usinini. Ena adamera aang'ono, ena sadapangike nkomwe."

"Mankhwala musawanene. Adandipatsa mwana wamoyo."

"Sindikuwanena. Ndikukuonetsani chithunzi." Adachikweza pa windo. "Pansi pa dzino mukufunali palibe lina. Ndikazula, pakhala mpata mpaka ukalamba. Tikalisamala, alitafunira zaka zambiri."

A Msowoya adasuzumira. "Pali mdima pamenepo."

"Mdimawo ndiwo kusowa kwa dzino."

"Nanga lioneka bwanji pamene sitinaitanitse?"

Mayi Kachingwe adatsitsa chithunzi, naganiza kaye. "Mano ena aja adagwera kuno ku Rumphi. Simudawaponye?"

"Tidaponya onse."

"Ndiye akhwangwala akuno nawonso alephera."

"Ankapempha m'Chichewa amayi ake, chizolowezi cha kuchipatala. Khwangwala wa kwathu kuno muzimuuza m'Chitumbuka, mwaulemu. Ulendo uno ndiponya ndekha."

"Khwangwalayo manowo amawatenga kuti? Iye alibe."

"Wogulitsa nsapato savala zonse."

"Amawanyamulira pati?"

"Pakamwa."

"Nanga amawalowetsa nthawi yanji m'usinini? Ine ndi jakisoni ndi nyali zimanditengera ola."

"Amama, ine mbalame ndakhala nazo ku Nyika moyo wanga wonse. Inu mumaziona pa dzala la chipatala basi."

"Nzoona," adavomera mayiyo, osakwiya. "Bwerezani mawu a mwambo aja."

A Msowoya adaimirira bwinobwino ngati pa perete, natsegula pakamwa ponse. "Khwangwala, tenga dzino loipali, undipatse labwino."

"Loipa."

"Loipa chomene."

"La Temwa ndi labwino. Loyera, lolimba, lopanda bowo. Mukamponyera limenelo mwamunamiza, akwiya."

A Msowoya adakanda m'mutu. "Apo mwanena zoona. Khwangwala saiwala nkhope."

"Ndipo mwambo sukunena kuti dzinolo likhale la yani. Ukungoti loipa." Mayi Kachingwe adayamba kuvala magolovesi. "Chilowereni muno ndakhala ndikuliyang'ana lanulo. Lakumanzere, pansi, lachiwiri kuchokera kumapeto."

A Msowoya adatseka pakamwa, nayankhulira m'mano. "Limenelo lili bwino."

"Labooka mpaka ku muzu. Khwangwala akaliona aitana abale ake. Khalani pampandopo."

"Ndadya kale m'mawa."

"Zilibe kanthu."

"Minibasi ya ku Bolero indisiya."

"Imadikira kudzaza. Mwanena nokha, mwana wadikira zaka khumi." Adatenga jakisoni, nakankhira m'mwamba kadontho kamodzi. "Ndikukulungirani mu thonje, madzulo ano muponye. M'Chitumbuka, mwaulemu."

A Msowoya adabwerera chafutambuyo mpaka msana udagunda chitseko. Adavala chipewa, naitana kudzera pa mng'alu: "Temwa, nyamuka, ndi dzino lako lomwelo. Uzilitsuka kawiri pa tsiku." Kenaka adatembenukira kwa dokotalayo, akupukusa mutu mwachisoni.

"Amama, munthu wophunzira ngati inu, mpaka kukhulupirira za akhwangwala?"