Mutipatseko Malo

Zaka zimenezo, mafoni a m'manjawa asanafike kuno ku Nsaru, malemu amuna anga anamanga sitolo ija ili pafupi ndi chigayo, ndipo titangomaliza kukhoma malata kunatulukira mnyamata wowonda atasenza makina osokera pamutu, n'kunena kuti, "Amayi, ndine Mbewe, telala, ndikufuna malo a lendi." Inu a masiku ano mumasainirana mapepala mpaka zala kuwawa, koma ife tinangogwirana chanza, basi, ndipo a Mbewewo anakhala m'menemo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osandivuta ngakhale tsiku limodzi. Iwe Chisomo, wayamba kale kuseka? Poseketsa sitinafike, tiye uziswa mtedzawo.

Ndiye kunabwera mwana wanga Agnesi kuchokera ku Kasungu, amuna ake atamwalira, akuchimuna atasesa katundu yense. Anafika ndi ana awiri ndi sutikesi imodzi. Chaka chathunthu mwana uja ankangokhala pakhonde kuyang'ana pansi, ukamuyankhula n'kungoti "eya," ndipo ine mtima unkandipweteka koopsa, chifukwa kwawoko ankagulitsa zitenje ndipo anali mkazi wa pakamwa pakuthwa ngati amake. Ndinati ayi, mwanayu andifera ndikuona. Sitolo ndi yanga, a Mbewe atuluke, Agnesi ayambe geni.

Mlongo wanga a Yohane atamva anati, "Aaa, zosavuta izo! Zulani chitseko, sasulani malata awiri, mvula ikangogwa atuluka yekha." Ndipo musadabwe, kale ena ankachitadi zimenezo. Koma ine ndine wamantha ndi apolisi, ndiye ndinamanga mpango wanga wa ku tchalitchi n'kupita kukhoti kukafunsa.

Akalaliki a kumeneko, mayi wa magalasi, anandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo n'kuti, "Amayi, mukangokhudza chitsekocho, womangidwa ndinu. Sitolo ndi yanu, inde, koma munthu wakhalamo zaka zonsezo simungamuingitse ngati nkhuku yalowa m'khitchini. Mulembereni notisi, mumupatse miyezi itatu. Akakana, mubwere mudzamusumire. Lotulutsa munthu ndi khoti, osati mlongo wanu."

Ndinagula pepala ndi bolopeni, n'kukhala pansi. Koma ana inu, mawu oti "tulukani" amalembedwa bwanji kwa munthu amene amavula chipewa akamakupatsa moni, munthu amene anandisokera diresi la pamaliro a amuna anga n'kukana kulandira kanthu? Ife tinaleredwa kuti munthu wamkulu suumulasa ndi mawu, umazungulira. Ndiye ndinalemba chonchi, ndipo ndikukumbukira mpaka lero: "Okondedwa a Mbewe, ine ndili bwino, kaya inu. Mwana wanga Agnesi akufuna kuyamba geni. Chonde pofika kumapeto kwa Julayi mutipatseko malo. Ndine mayi wanu."

A Mbewe anawerenga, n'kumwetulira. "Zikomo amayi, palibe vuto. Mpaka Julayi? Ngakhale mawa!"

Ine ulendo wa kunyumba ndikuvina mumsewu, kuuza aliyense kuti anthu amangokokomeza, kutulutsa munthu m'nyumba n'kosavuta.

Patapita masiku atatu ananditumizira uthenga kuti malo aja apezeka. Ndikafike, mayo ine! Makina awakankhira kumanzere, pansi ajambula mzere ndi choko chawo cha utelala kuyambira pakhomo mpaka kukhoma, kumanja asesa bwinobwino, akhomamo shelefu yatsopano ndi kampando. "Malo aja ndi awa, amayi. Ngati achepa ndisunthenso pang'ono." Ine kukamwa yasa! Ndinafuna kunena, koma munthu akupukuta thukuta, nyundo ili m'manja, ungayambire pati? Ndinangoti, "Zikomo, mwagwira ntchito." Mumtima ndinati Agnesi ayambe walowa, Julayi akatha bamboyu aona yekha chochita.

Agnesi analowadi, n'kuyala zitenje, ulusi ndi mabatani. Julayi anatha, Ogasiti n'kulowa, makina ali kulira ngati palibe chachitika. Apo ndiye ndinapsa mtima, n'kukasuma.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza, mukudziwa anthu a kuno nkhani siiwadutsa. Woweruza anatenga kalata yanga n'kuiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, mpaka "ine ndili bwino, kaya inu" yemwe. Kenaka anafunsa, "Amayi, munapempha chiyani?"

"Sitolo yanga, bwana."

"Ayi, pano mwalemba kuti mutipatse-ko. A Mbewe, munawapatsako?"

"Theka lathunthu, bwana, ndi shelefu yomwe."

Khoti lonse linafa nalo phwete, ndi wapolisi wa pakhomo yemwe anachita kutembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Woweruza anati, "Amayi, mnzanu akabwera kuti mundipatseko mchere, mumam'senzetsa thumba lonse? Iyi si notisi, ndi kalata ya moni. Kalembeni ina yonena poyera kuti atuluke, tsiku lakuti, musaine, pakhale mboni, ndipo miyezi itatu iyambirenso pamenepo." Tangoganizani, ka "ko" kokha, zilembo ziwiri, kundigwetsa pamaso pa Nsaru yense!

Titatuluka panja a Mbewe anandipeza, chipewa chili m'manja, ndipo iwo sankaseka. Anati, "Amayi, mukanangondiuza. Ine sindinadziwe kuti mukundichotsa." Ndinamva manyazi, ndipo chisoni chinandigwira, koma ndinalimba mtima poganizira mwana wanga.

Notisi yachiwiri ndinailemba youma gwa, yopanda moni, mboni n'kukhala a Yohane. Loweruka m'mawa ndinainyamula. Nditangoponda pakhonde la sitolo ndinamva munthu akuseka m'katimo, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, ndipo ndinaima pomwepo, chifukwa anali Agnesi. Chimwalirire amuna ake ndinali ndisanamvepo mawu amenewo. Ndikasuzumire, amayi atatu akusankha zitenje mbali iyi n'kuolokera mbali iyo kukayezetsa, mzere wa choko uja unafufutika kalekale ndi mapazi, ndipo a Mbewe, munthu amene ndinkamuyesa wosadziwa nthabwala, akutsanzira mmene woweruza ankawerengera kalata yanga. Ine misozi mbwe, pepala lili m'manja.

Agnesi anandiona, n'kutuluka msanga, n'kugwada. "Amayi, pepalalo libwerere m'chikwama. Mawa amalume alandira alendo."

"Alendo ake ati?"

Mwana uja n'kungoyang'ana kumbali akumwetulira. Ha! M'mawa mwake amalume a telala wathu uja anafika kwa a Yohane, omwe aja a mboni, kudzafunsira mbeta, Agnesi yemweyo. A Yohane anabwera kwa ine akupukusa mutu, amvekere, "Mlongo, kodi munapita kukhoti kukachotsa munthu kapena kukatenga mkamwini?"

Ukwati anadalitsa ku parishi mvula isanagwe, ndipo lero Agnesi wanenepa, pakamwa pake panabwerera, mwana wachitatu akukwawa pansi pa makina. Koma tsono imvani zimene zinandigwera ine. Inu a masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu, koma ife a kale mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana, ndipo a Mbewe ndi munthu wa mwambo. Mwini sitolo ndine, koma ndikafuna ulusi ndimaima kuseri n'kuitana Agnesi chonong'ona ngati wakuba, iwo m'katimo atabisa nkhope kuseri kwa nsalu!

Ndiye ana anga, mukadzakhala ndi nyumba zanu n'kufuna kuchotsa munthu, pitani mukafunse malamulo, mumuuze zoona poyera ndipo mumupatse nthawi, chifukwa ulemu wobisa mawu umapweteka onse awiri. Koma musanapereke pepalalo muyambe mwaima pakhomo pang'ono, mumvetsere zimene zikuchitika m'katimo.

Iii, belu limenelo si la njinga ya a Mbewe? Ndi iwowo! Suntha lichero, Chisomo, suntha ndilowe m'nyumba, uwauze kuti Agnesi ali kudimba!