Thumba la Mchenga M'malo mwa Mwendo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine telala wa ku Chikwawa, ndipo ndikufuna ndikuuzeni m'mene ndinatsala pang'ono kulandidwa mwana mmodzi yekhayo amene ndili naye.

M'chaka cha 2005, tikukhala kunja, ku Gaborone, kombi, minibasi ya kumeneko, yomwe tinakwera kuchokera kumudzi wa Mmopane inagubuduzika. Mkazi wanga Esinati anafera pomwepo. Ine anandidula mwendo wamanja, wamanzere n'kutsala wouma ngati chikuni. Mashini anga anali oponda ndi mapazi, choncho ntchito inathera pomwepo. Ndinatsala ndi Tadala, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, yemwe ankandiphikira ndi kunditungira madzi osamba asanapite kusukulu. Ndinkamuona akuonda, ndipo ndinkadzida.

Kwawo kwa Esinati ku Chiradzulu, mwana ndi wa kuchikazi. Mlamu wanga, a Bizwiki, anandiimbira foni. "Alamu, musatione nkhanza. Mwana sangalere bambo ake. Ndikubwera kudzamutenga." Ankanena zoona. Ndinasiya kupita kutchalitchi. Pemphero langa linatsala limodzi lokha, ndipo linali laukali: mwatenga mkazi, mwatenga mwendo, mwanayu ndiye ndisiyireni.

Tsiku lina kunabwera a Zulu, munthu wa ku Chipata amene ankaphunzitsa ana asukulu kupalasa timabwato ta mpikisano kudamu la Gaborone. Timabwatoto amati kayaki, topepuka, tokwera munthu mmodzi. Anabwera ndi nsalu zong'ambika zomwe opalasa amavala m'chiuno kuti madzi asalowe m'bwato. Ndinawauza mwamwano kuti akasake telala wa miyendo. Iwo anangokhala pansi n'kundiyang'ana mapewa.

"Imwe ba Malawi, mapewa aya si ya mashini. Munapalasapo?"

Ndinawauza kuti ndinakulira pa Shire, ndikuwolotsa anthu ndi njinga zawo. Esinati ankandiseka ndi nkhani imeneyi. Ankati, "Mumadzitama ndi bwato chifukwa kuno kulibe madzi okutsutsani." Pa zaka zonse za ukwati wathu sanandionepo ndili pamadzi.

Mvula itagwa bwino, damu litadzazanso, a Zulu anandinyamula pagalimoto yawo. Ndinakwera kayaki ija modzikhulupirira, koma sindinafike patali, ndinagudubuka n'kumwa madzi. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Mbali yopanda mwendo inali yopepuka, ndiye bwato linkangopendekera kumanzere. Ndinalira ngati mwana pamaso pa ana asukulu, chifukwa ngakhale madzi amene anandilera anali atandikana.

A Zulu anati ndisoke kathumba, tithiremo mchenga wolemera ngati mwendo, tikaike pomwe mwendowo unkayenera kukhala. Kunyumba ndinasowa nsalu yolimba. Tadala anatsegula sutikesi ya mayi ake, yomwe ine sindinkafuna n'komwe kuikhudza, n'kutulutsa chitenje chawo cha kumvano. "Papa, sokani ichi." Ndinachisoka pamanja, misozi ikugwera pa singano.

Bwato linakhazikika. Nkhafi yawo ndi ya mitu iwiri, osati ngati yathu, koma mikono sinaiwale. Patapita miyezi, a kalabu ya timabwato ya a Zulu anandipatsa ntchito yotsatira ana pamadzi kuti wina akagudubuka ndimuvuule, komanso yosoka nsalu zawo zija.

A Bizwiki anafika Loweruka lina lomwe kunali mpikisano wa akuluakulu, ndipo a Zulu anali atandilembetsa. Sindinapambane ayi, ndisakunamizeni m'nyumba ya Mulungu. Ndinali kumbuyo kwenikweni, ndikulimbana ndi nkhalamba ina ya imvi. Koma Tadala ankathamanga m'mbali mwa damu akukuwa m'Chitswana, nsapato zili m'manja. Chimwalirireni mayi ake, ndinali ndisanamumvepo akuseka.

Nditafika kumtunda, a Bizwiki anawerama kuti andithandize kutuluka, ndipo anaona thumba lija. Anachizindikira chitenje cha mlongo wawo. Anakhala pansi m'matope momwemo, atagwira kumaso, ndipo tinalira tonse awiri. Atatonthola anati, "Alamu, ndinabwera kudzatenga mwana wamasiye. Sindinamupeze." Anabwerera okha.

Abale, mwendo sunamere, ndipo Esinati sanabwerere. Masiku ena chisoni chimandigwirabe, makamaka ndikaganiza kuti amene ankanditsutsa uja sanaone kuti sindinkanama. Koma chimene ndinapempha mwaukali chija, Ambuye anandipatsa mwachifundo, kudzera mwa munthu amene ndinamuthamangitsa pakhomo. Ndikuwathokoza. Inu amene mwataya china chosabwerera, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu litakhala loipa ngati langa. Tadala ali pano, mpando wachitatu uwo, ndipo akundiyang'anitsitsa kuti ndatalikitsa. Ambuye alemekezeke.