Foni M'mwamba, Minibasi Zikudutsa

Pa siteji ya Rufunsa, dzuwa likuswa mtengo, mayi wina anaima atakweza foni m'mwamba. Bambo wachikulire, atakhalira thumba la mtedza, anamuyang'anitsitsa.

"Amayi, minibasi zonsezi zakudutsani. Simukwera?"

"Sindili pa ulendo, abambo. Ndine mphunzitsi, koma kusukulu kwathu netiweki sigwira. Ndimabwera kuno kuti foni itole nkhani."

"Itole yokha?"

"Yokha. Ndinalembetsa ku masamba a pa intaneti. Akangolemba chatsopano, chimagwera muno: za sayansi, za nyengo, za mayeso. Lolemba ndimaphunzitsa zomwezo."

"Ana asukuluwo ali ndi mwayi. Koma nkhopeyo si ya munthu wokondwa."

"Pali tsamba lina lolengeza aphunzitsi amene asamutsidwa. Amuna anga ndi ana ali ku Lusaka, ndiye ndinapempha kalekale kuti andisamutsire komweko. Nditapitako pa holide, wamng'ono ananditchula kuti anti."

"Kalanga ine! Nanga lero zabwera?"

"Zabwera mbwee, mpaka za nyenyezi zakumwamba."

"Dzina lanu?"

"Mulibe. Kale ndinkati mwina kalata yondisamutsa inasochera m'njira, mtima n'kukhala pansi. Masiku ano palibe chimene chimasochera, abambo."