Nyanja Itaphwera, Tinamunyamula pa Chitseko

Aulutsi, madzi osefukira atagumula nyumba yathu ku Nazombe, ndinasamutsira banja pachilumba cha m'nyanja ya Chilwa. Ndinamanga pachitunda, ndinadzaza nkhokwe, ndinagula bwato. Ndinkati ndakonzeka.

Chaka chatha nyanja inaphwera. Tsiku lomwe matenda a uchembere anamuyamba mkazi wanga, bwato linali pamatope. Njinga nayo inatitimira.

"Munakonzekera madzi ochuluka okha, achimwene?" anatero msodzi wina akuzula chitseko chathu. "Kuno timaopa akachepa. Gwirani uko!"

Tinamunyamula pa chitsekocho, matope akulekeza m'mawondo. Mwana anabadwira panjira, wamoyo.

Pano mkazi wangayo ndi woyembekezeranso, ndipo madzi ayambanso kuthawa gombe. Mtima suli m'malo. Ndikufuna akadikirire kwa mayi ake ku Jenala, koma akuti, "Mpunga wanga idye mbalame?"

Omvera anzanga, ndimuyankhe chiyani?