Anandithira Petulo Nditamangana Chingwe ndi Wakuba

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene muwerenge mawu awa. Ine ndine Ngozo wa ku Lizulu. Ambiri mumandidziwa ndi mawu, chifukwa ndikayankhula pamsika ngakhale a tsidya la Mozambique amamva. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndakhala pansi kulemba ndekha kuti mudziwe mmene Mulungu anandichotsera pamoto, tsiku limene anthu anandithira petulo masanasana.

Ndine mmodzi wa apolisi a m'dera, aja odzipereka osalandira malipiro. Itabwera nkhani yoti anthu wamba tizithandiza apolisi, woyamba kuimika dzanja ndinali ine. Anatipatsa jekete yonyezimira ndi wezulo, n'kutiuza lamulo lalikulu: ukagwira munthu usamumenye, umupereke kupolisi ali wamoyo. Koma unyolo sanatipatse. Tsono kwathu kuno msewu wa tala ndiwo malire. Wakuba akakupulumuka n'kudumpha msewu, basi ali dziko lina, amaima tsidyalo n'kumakuseka. Ine miyendo inatha, sindingapikisane ndi anyamata. Ndiye ndinapeza nzeru yanga: ndikagwira munthu, ndimamanga dzanja lake ku dzanja langa ndi chingwe cha khonje, mfundo yolimba ndithu. Anzanga anatengera kwa ine, ndipo palibe amene anandithawapo.

Tsiku lina la msika, mayi wogulitsa kachewere anakuwa kuti thumba lake lanyamulidwa. Ndinaimba wezulo, anzanga awiri n'kumugwira munthuyo kuseri kwa mabenchi a nyama. Anali bambo wa ndevu zake, wowonda, wopanda nsapato. Ndinamumanga ku dzanja langa monga mwa masiku onse, mnzanga n'kuimbira foni apolisi. Anayankha kuti galimoto yawo yapita kumalo a ngozi cha ku Mlangeni, timusunge munthuyo akubwera.

Koma masiku amenewo a kabaza anali ndi mkwiyo, chifukwa mnzawo anali ataphedwa kumene ndi akuba njinga zamoto. Sindikudziwa anayambitsa ndani, ndinangomva kumbuyo kwa gulu wina akuti wagwidwayo ndi uja wa njinga. Mawuwo anayenda msika wonse. Anthu anasiya malonda, miyala inayamba kugwa, ndipo anzanga awiri aja ndinangoona majekete awo akulowa m'chigulu. Gululo linatikankha mpaka tinakagwera pakhonde la sitolo ina.

"Madala, masulani chingwecho tithane naye," anatero mnyamata wina atanyamula tayala.

Ndinamuyankha mokweza kuti munthuyu ali m'manja mwa boma, akufuna kumukhudza ayambe ndi ine. Ndinkaganiza kuti achita manyazi ndi imvi zanga. Anangoseka. Wina anatsegula botolo n'kuwaza petulo, ndipo poti tinali tagundana, anatinyowetsa tonse awiri, mpaka m'maso mwanga.

Abale, sindikubisirani, pamenepo ndinafuna kumasula. Ndinakanda mfundo ija ndi zala, ndinailuma ndi mano anga otsalawa, koma chifukwa cha kukokanakokana inali italimba ngati mwala. Bambo uja ankangoti, "Agogo, musandisiye, ndili ndi ana." Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, mawu osatuluka. Ine Ngozo, wovina ngoma, amene sindinagwirepo chimkuzamawu pamaliro, ndinalephera ngakhale kuitana anzanga. Ndinaganiza za mayi a kunyumba, kuti awauza chiyani, ndipo m'bokosi aikamo chiyani. Maso ankawawa, sindinkaona bwino, ndinkangomva wina akufunsa amene ali ndi machesi. Ndinapemphera chamumtima, pemphero lalifupi la munthu wothedwa nzeru: Ambuye Yesu, ngati munaona anyamata atatu aja m'ng'anjo, ndioneni inenso.

Kenako chitseko chinatseguka kumbuyo kwathu. Anali Che Amidu, mwini sitoloyo, Msilamu amene timangopatsana moni wa panjira. Anaima pakati pa ife ndi gululo, chisoti chake choyera kumutu, n'kuyankhula mosakweza mawu n'komwe.

"Yatsani, achimwene. Koma mudziwe kuti m'katimu muli migolo ya parafini. Moto ukayaka pano, mzere wonse uno upita, pamodzi ndi njinga zanu mwaimika apazi."

Wa machesi uja anazengereza. A kabaza anathamangira kukasuntha njinga zawo, ndipo eni masitolo oyandikana anayamba kukalipira gululo kuti lichoke pamakonde awo. Mpata umenewo Che Amidu anagwira chingwe chija pakati n'kutikokera m'kati ngati mbuzi ziwiri, n'kutseka chitseko chachitsulo ndi mpiringidzo. Miyala inkagunda pamalata, koma iwo anangotenga mpeni n'kudula chingwe, akazi awo n'kubweretsa madzi ndi sopo kuti tisambe m'maso. Tinakhala pamatumba a mchere mpaka tinamva galimoto ya apolisi. Mayi wapolisi amene analowa anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Bambo Ngozo, mwamusunga. Tsopano ndi wathu."

Kukhoti kunapezeka kuti bamboyo anabadi kachewere, koma za njinga sankazidziwa n'komwe. Anagwira ukaidi wake n'kutuluka, lero akulima kwawo. Diso langa la kumanzere silinabwerere bwino, limaona chimbuuzi, koma ndikuyenda, ndikudya, ndipo Lamulungu ndimaimba kutchalitchi mpaka abusa amandiyang'ana.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanasankhe mpingo potumiza wondipulumutsa. Ndikuthokoza Che Amidu ndi banja lawo, amene anaika sitolo yawo yonse pachiswe chifukwa cha nkhalamba ndi wakuba. Anzanga odzipereka m'madera monse, musataye mtima ngakhale anthu amatinyoza kuti ndife apolisi opanda mfuti, ndipo mukapanikizika itanani Yesu ngakhale pakamwa pakane. Ndipo inu a pamsika, tsiku lina mukadzamva wezulo, bwerani mudzathandize kugwira, koma machesi muwasiye kunyumba. Mkazi wa bambo ndinamumanga uja anabwera kwathu ndi ana anayi kudzagwada pakhomo panga, wamng'ono ali kumbuyo. Ndinawayang'ana anawo mmodzimmodzi, ndipo ndinalira pamaso pa akazi anga. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.