Moyo wa a Otília Sandramo ndi mafupa a m'chigwembe cha ku Domwe

Malemu a Otília Victorino Sandramo anabadwa pa 14 Agosto 1979 kuno ku Lifidzi, m'nyumba imene inali pamene paima magalimoto apo. Amayi awo ndi a Estele Namaseko, alongo anga. Bambo awo anali a Victorino Sandramo, mmisiri wa matabwa amene anakulira kuchigwa, ku Mutarara, nadzakwatira kuno kumtunda. Ine amene ndikukuwerengerani ndine Afonso, malume awo a malemu. Banja landituma kuti ndinene zonse, ngakhale zina zimene zitiwawe tonse tili pano.

Mu Novembro 1986, malemu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nkhondo inafika m'mudzi uno. Tinathawa wapansi kulowera ku Kalomwe kuti tikaolokere ku Dedza. Tili m'njira, a Victorino anabwerera kuti akatenge thumba la chimanga limene anakwirira kumunda. Anati tiwadikire pamalire. Tinadikira masiku anayi. Sanabwere, ndipo mpaka lero palibe amene anatiuza kumene anathera.

Malemu anayambira shikola, kapena kuti sukulu, ku Dedza, pansi pa mtengo, pamodzi ndi ana ena othawa nkhondo. Titabwerera kuno mu 1993 anawabweza m'mbuyo makalasi awiri chifukwa Chipwitikizi sankachidziwa. Analira tsiku limodzi lokha, m'mawa mwake n'kunyamula makope. Anapitiriza ku Ulongwe, kenako ku Tete, ndipo mu 2001 analowa univesidadi ku Maputo.

Mu 2005 anakwatiwa ndi a Rogério, aphunzitsi a masamu, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri. Mu 2009 anapita ku Joni kukaphunzira zozama, nabwerako mu 2013 ali dotolo. Udotolo wawo sunali wobaya jakisoni, ndipo ambiri a ife sitinaumvetse.

Ndiyesa kuufotokoza monga mmene iwo anandifotokozera ine pakhonde. M'madzi amene timamwa, m'dothi, ndi m'zakudya muli tizinthu tosaoneka ndi maso, timene ophunzira amatitcha maisotopo. Tizinthuti timasiyana dera ndi dera, chakudya ndi chakudya. Mwana akamakula timalowa m'mano ake n'kukhala momwemo, ngakhale munthuyo atafa kalekale. Tsono malemu ankapala kaufa pang'ono pa dzino, kosadzaza ndi chikhadabo chomwe, n'kukapima pa makina. Akatero ankatha kunena kuti uyu anakulira kumapiri kapena kuchigwa, ankadya kwambiri za mtundu wa chimanga ndi mapira kapena nsomba, anayamwa mpaka liti, njala inamugwira kapena ayi. Ndi luso limeneli anafufuza zimene ankadya anthu amene anakhala m'dziko lino agogo athu asanabwere. Anathandizanso boma kudziwa nkhalango zimene munachokera minyanga ya njovu yogwidwa pamadoko.

Mu Fevereiro 2017 kunagwa mvula yamphamvu ku Domwe. Madzi anakokolola munda wa mbatatesi, ndipo m'chigwembe munaoneka mafupa a anthu khumi ndi anayi, ogonekedwa pamodzi. Anthu anati anali asilikali ochokera kutali, omwe aja ankatiotchera nyumba, ndipo ena anafuna kungowakwirira pomwepo popanda mwambo. Akuluakulu a boma anaitana malemu. Iwo anabwera, napempha chilolezo kwa boma ndi kwa eni dera, natenga dzino limodzi kwa munthu aliyense, n'kulemba bwino lomwe kuti ili ndi la uyu.

Mayankho anachedwa chaka chathunthu, chifukwa makina opimira anali ku Joni. M'chaka chimenecho munabuka mphekesera yoti a Otília agulitsa mano a akufa kwa anthu a zizimba. Mphekeserayo inayenda m'misika, m'mabasi, mpaka m'matchalitchi. Pa 9 Setembro 2017, dzuwa lili pamutu, gulu la anthu linazinga galimoto lawo pamsika wa ku Domwe n'kuyamba kuligenda. Mwala umodzi unaswa galasi n'kuwamenya pa diso lamanzere. Disolo silinaonenso. Sanasumire munthu aliyense. Sinditchula maina, koma ndikudziwa kuti ena amene anali pamsika tsiku limenelo akundimva.

Mu Marso 2018 anabweranso ku Domwe komweko, diso lili lomanga, nawerenga mayankho pabwalo. Anthu khumi ndi mmodzi anakulira kumtunda kuno, akumwa madzi omwewa. Asanu mwa iwo anali ana, ndipo mano awo anaonetsa kuti njala inawasautsa nthawi yaitali asanafe. Atatu otsalawo anakulira kuchigwa ndipo paubwana wawo ankadya nsomba zambiri. Awiri anali amayi, mmodzi bambo. Sanali asilikali. Anali anthu othawa ngati ife, amene sanafike pamalire. Amayi amene anali pabwalopo anayamba kulira, ndipo mabanja anathamangira kwa malemu kuti awauze maina. Iwo anayankha kuti dzino limanena kumene munthu anakulira, koma dzina silitchula. Ena anabwerera kwawo atakwiya.

Chimene chinatsatira chinali cha m'nyumba mwathu. Bambo wa kuchigwa uja anali wa msinkhu wa a Victorino. Alongo anga atamva, anasiya kudya, nati amuna awo apezeka. Malemu nawonso anali ndi chiyembekezo, ngakhale sankanena. Anatumiza fupa la bamboyo kunja pamodzi ndi magazi awo eni, kuti akapime ngati panali ubale. Yankho linabwera loti panalibe.

Ndinalipo tsiku limene anawauza amayi awo. A Estele anawagwira mkono n'kunena kuti, "Ungonena kuti ndi iwo, mwana wanga. Ndani akakutsutse? Ndipatse manda oti ndizikasesa." Malemu anagwada pansi nati, "Amayi, munthu ameneyu ali ndi abale ake amene akumufuna monga mmene ife tikufunira ababa. Ndikakupatsani inu, ndawabera iwo." A Estele anadzuka n'kulowa m'nyumba. Kuchokera tsiku limenelo anakhala zaka zinayi osalankhula ndi mwana wawo. Malemu ankabwerabe mwezi wa Dezembro uliwonse, n'kusiya sopo ndi shuga pakhomo, n'kukagona kwa ine. Alongo anga andilola kuti ndinene zimenezi. Akuti anthu adziwe.

Mu Junyo 2019 anthu khumi ndi anayi aja anaikidwa m'manda mwaulemu ku Domwe, aliyense m'bokosi lake. Malemu anabweza dzino lililonse kwa mwini wake ndi manja awo, anthu onse akuona, akuwerenga mokweza kuyambira loyamba mpaka lakhumi ndi chinayi. Bambo wa kuchigwa uja abale ake sanapezeke mpaka pano.

Mu 2022 malemu anayamba kumva kupweteka m'mimba. Anazengereza kupita kuchipatala chifukwa anali kalikiliki kutunga madzi m'zitsime za m'Angónia yense, kuti adziwe tizinthu ta dera lililonse, mwina mafupa ena akadzapezeka asadzavute kulondola kwawo. Atapita anawapeza ndi khansa, itafalikira kale. Tamva ena akunena kuti anadwala chifukwa chogwira mafupa a akufa. Banja likukana zimenezo. Inali khansa, ndipo makalata a madokotala tili nawo.

A Estele atamva za matendawo anakwera basi okha, masiku awiri, mpaka ku Maputo kumene anali asanapondeko. A Rogério akuti a Estele atalowa m'chipinda sanapereke ndi moni womwe. Anangovundukula bulangete, nagwira mapazi a mwana wawo, n'kufunsa chifukwa chake anthu amusiya osamudzoza mafuta. Kuyambira pamenepo sanachokenso pambali pawo. Malemu anachitidwa opaleshoni kawiri, nalandira mankhwala amphamvu amene anawathothola tsitsi lonse, koma thupi linangopitirira kutha. Mu Mayo chaka chino anapempha kuti abwere kwawo. Miyezi yomaliza sankatha kumeza chilichonse koma madzi a pa supuni. Anatisiya Lachiwiri, pa 8 Outubro 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, mutu wawo uli pa miyendo ya amayi awo. Anali ndi zaka 45.

Asiya amuna awo a Rogério, ana awiri, Dércio wa zaka 18 ndi Yara wa zaka 10, amayi awo, ndi mlongo wawo mmodzi, a Natanael. Mabotolo a madzi amene ankatunga m'zitsime aja, oposa mazana awiri, asiyira wophunzira wawo a Márcia, amene abwera kuchokera ku Maputo ndipo akhala kumbuyo uko.

Banja likuthokoza anamwino a ku Ulongwe amene ankabwera kudzabaya mankhwala ochepetsa ululu, anzawo a kuntchito amene atumiza bokosi, amayi a mpingo amene agona pano kuyambira Lachiwiri, ndi adzukulu amene alimbana ndi dothi louma la chilimwe chino. Tikuthokozanso anthu a ku Domwe amene abwera ndi lole yodzaza. Takuonani, ndipo takulandirani.

Abusa, alongo anga apempha chinthu chimodzi. Akuti bokosi lisatsekedwe msanga, ndipo munthu asawagwire kapena kuwafulumizitsa akamaona nkhope. Chonde tiwapatse nthawi imene akufuna, ngakhale dzuwa litapendeka.

A Otília, mwana wa alongo anga, pitani mukapume. Mzimu wanu uuse mumtendere.