Juzi yanga ili ndi magetsi

Aulutsi, ndiwerengereni bwino. Dzanja langa ndi la khasu, koma mtimawu ukuvina!

Ine ndine gogo wa kwa Kaphuka. Mdzukulu wanga wamkazi, wophunzira zamakompyuta, anamuitana ku ofesi ina pa Dedza boma kuti akamuyese ntchito. Masiku ano, mtsikana kugwira sipanala! Ndinamuperekeza atavala juzi yaubweya imene ndinaluka ndekha.

Abwana a pa ofesipo anamupatsa chikompyuta chachikulu chimene chimadyetsa zinzake zonse, kuti aikemo kathabwa kobiriwira kokhala ndi nthambo yakeyake ya magetsi. Kathabwako kakapsa, ntchito yapita.

Mwana anazimitsa, nazula pulagi kukhoma. Kenaka, kuzizira konse kwa Juni kuja, anavula juzi yanga n'kuiponya pampando!

"Iwe, ukundichititsa manyazi pamaso pa abwana?" Ndinaitola kuti ndimuveke, afune asafune.

"Agogo, imani pomwepo! Juzi yanuyo ili ndi magetsi. Simumaimva ikuthetheka povula? Ikangokhudza apa, kathabwaka kapsa."

"Magetsi? Ine wa koloboyi?"

Abwana anaseka mpaka kugwira tebulo. Ndinakaima pakhomo, juzi m'manja ngati ndanyamula njoka. Mwana anayamba wagwira chitsulo cha kunja kwa chikompyutacho kuti magetsi a m'thupi mwake achoke, naikamo kathabwa kaja, nalowetsa nthambo ija pang'onopang'ono, osakakamiza. Anayang'ananso kawiri, ndiye n'kubwezera pulagi. Kanyale ka pachikompyutacho kanayaka! Ine nthungululu, mlonda kubwera chothamanga!

Anamulemba, amayi, anamulemba ntchito mdzukulu wanga!

Anzanga, mwana akavula juzi pantchito musakwiye. Koma kumudzi ndawauza onse: magetsi anafika kale kwa Kaphuka, ndimaluka ndekha!